Matope athere pakhonde: mafunso ndi mayankho pa malo olowera m'nyumba kuno ku Dedza

Walira mvula walira matope. Kuno ku Dedza mwambi umenewu timachita kuuponda ndi mapazi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi katondo amamata ku nsapato ngati kondowole, ndipo wochokera kumunda amafika pakhomo miyendo ikulemera. Mvula ikakata sindiye kuti tapuma. Tauni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, m'munsi mwa phiri lofika mamita 2,198, choncho Juni ndi Julayi amabwera ndi nkhungu, mvula yamawawa ndi chisanu chosalola jekete kuuma. Kenako fumbi la Seputembala ndi Okutobala.

Ndinakhala zaka 6 m'nyumba za lendi paboma, ndikukolopa pabalaza katatu patsiku, tisanamange yathu cha ku Bembeke. Chikolopa sichinandithandize. Chinandithandiza ndi kulikonzera dothi malo oti lithere lisanadutse chitseko. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe abale, amayi anzanga a kumpingo ndi ena amene akuyamba kumanga amandifunsa akakhala pakhonde pathu.

Kodi malo olowera m'nyumbawo ndiye ati? Si chitseko basi?

Ayi, ndi kanjira konse komwe munthu amadutsa kuchokera pabwalo mpaka ataponda poyera. Ine ndimakagawa patatu. Pali pansi pa masitepe, pomwe matope okhuthala ayenera kutsalira. Pali pakhonde penipeni, pomwe munthu amakhala pansi n'kuvula nsapato, kutula katundu ndi kukutumula ambulera. Ndiye pali kakona ka mkati, kuseri kwa chitseko, kopachikapo zinthu zouma zomwe sizingagone panja, monga jekete, zikwama za ana ndi makiyi. Chilichonse chomwe munthu wabwera nacho chipeze pofikira asanalowe pabalaza. Chikasowa pofikira mudzachipeza pampando wa alendo.

Tiyambe ndi khomo lakutsogolo kapena lakuseri?

Tsiku lina la mvula khalani pansi muone khomo lomwe anthu a m'nyumba mwanu akudutsapo. Kwa ambiri ndi lakuseri, chifukwa khitchini, bafa, chimbudzi, khola ndi nkhokwe zonse zili komweko. Wophika amatuluka ndi kulowa kosawerengeka, wina wanyamula ndowa, wina nkhuni, ana akuchokera kukhola. Matope ochuluka amalowera pamenepo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ndalama timathera kutsogolo, pa nsanamira zokongola ndi penti, kuti odutsa mumsewu aone, pomwe kuseri timangosiya njerwa ziwiri pansi zopondapo. Khonde lakutsogolo n'lofunika, alendo amafikira pomwepo. Koma ngati simenti yanu ndi yochepa, yambani ndi kuseri, ndipo mangani kanjira ka njerwa kapena miyala kochokera pakhomopo kukafika kukhitchini ndi kubafa. Kanjira kameneka kokha kanachepetsa kukolopa kwathu kuposa china chilichonse.

Tikuyamba kumanga. Khonde likhale lalikulu bwanji, ndipo liyang'ane kuti?

Khonde la mita imodzi kuchokera kukhoma ndi longokongoletsa. Mukaikapo benchi, wodutsa amasowa popita, ndipo mvula ya mphepo imafika mpaka pachitseko. Lipatseni mamita 1.8 kapena 2. Denga lipitirire m'mphepete mwa khonde ndi masentimita 60 kapena kuposa, kuti madzi ogwa kumalata asamathovukire pomwe mwaika nsapato. Pansi pake pakwere masentimita osachepera 30 kuchokera pabwalo, ndipo pakhale potsikirako pang'ono, ngati masentimita 3, poyerekeza ndi pansi pa m'nyumba.

Za koyang'ana, mphepo ya mwera ndi chiperoni zimachokera kum'mwera chakum'mawa. Khonde loyang'ana komweko limazizira ndipo limanyowa ndi mawawa miyezi yachisanu. M'miyezi yomweyo dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho khonde loyang'ana kumpoto ndilo limafunda ndi kuumitsa zinthu. Loyang'ana kum'mawa limalandira dzuwa la m'mawa lomwe agogo amakonda kuothera. Komabe malo athu ndi a mapiri, mphepo imakhota malingana ndi zigwa, moti zomwe zikuchitika ku Lobi kapena ku Mayani sizingafanane ndi za ku Tsangano. Yendani muone nyumba zakale zoyandikana ndi puloti yanu. Khoma lomwe njerwa zake zadyeka kwambiri kapena laimu wasukuluka likukuuzani komwe mvula imamenyera. Ngati msewu ukukukakamizani kuyang'anitsa khomo kumbali yoipayo, mangani kakhoma m'mbali mwa khonde, kofika m'chiuno kapena mpaka kudenga.

Madzi amalowa pansi pa chitseko mvula ikagwa. Chalakwika n'chiyani?

Kawirikawiri khonde linapendekera kunyumba m'malo mopendekera panja. Zinatichitikira. Mmisiri woyamba anasalaza bwino kwambiri, koma anagwira ntchito ndi maso, levulo ili m'chikwama. Mvula yoyamba yamphamvu, usiku, tinadzuka madzi atafika pansi pa mipando, thumba la ufa lomwe linali pafupi ndi chitseko litanyowa kumunsi konse. Tinachita kugumula n'kuyambiranso, ndalama kuwirikiza.

Pa mita iliyonse, pansi pa khonde patsike sentimita imodzi kapena ziwiri kulowera pabwalo. Simungazione ndi maso koma madzi amaziona. Mmisiri asanachoke, simenti itagwira, thirani ndowa imodzi pafupi ndi chitseko muone komwe madziwo akuthamangira. Musachite manyazi, ndalama ndi zanu. Kwa amene khonde lawo linamangidwa kale, kamzere ka simenti kokwera masentimita 2 kapena 3 pakhomo penipeni kamathandiza, pamodzi ndi kathabwa kapena kachidutswa ka labala ya tayala kokhomera kumunsi kwa chitseko. Kamzereko kakhale kozungulira pamwamba kuti anthu asamapunthwepo.

Pabwalo pathu pamasanduka dambo. Kukonza khonde kungathandize chiyani?

Pang'ono chabe, ngati simunayambe ndi madzi a kudenga. Werengani nokha: mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imapereka lita imodzi. Mbali ya denga ya mamita 10 m'litali ndi 5 m'lifupi, pa mvula ya mamilimita 20, ikukhuthulira malita 1,000 pabwalo panu. Amenewo ndi migolo 5 ya malita 200, ndipo yonse ikugwera pomwe mumaponda potuluka.

Ikani chotchera madzi m'mphepete mwa malata, ngakhale pamwamba pa khomo pokha, chiwatsogolere mumgolo kapena kumbali. Pansi pomwe madzi amadonthera, yalani miyala ya kwale kapena njerwa zosweka, ndipo kumbani ngalande yopititsa madzi kumunsi, kutali ndi maziko. Ngati nyumba ili pamtsetse, monga zilili zambiri kuno, ngalande ina ikhale kumtunda kwa nyumba, yopatutsa madzi ochokera kuphiri asanafike pabwalo. Mzere wa udzu wa vetiva umagwira dothi bwino pamalo otero.

Chinthu china chomwe ambiri safuna kumva: kusesa pabwalo tsiku ndi tsiku kumadya dothi. Pakapita zaka bwalo limatsika, maziko amaonekera, madzi n'kumadikha pafupi ndi masitepe. Bwalo losesa ndi ulemu wa pakhomo ndipo limathandiza kuona njoka, sindikuti lithe. Koma m'mbali mwa kanjira kolowera bzalani kapinga.

Pansi pa khonde tiikepo chiyani: simenti yofiira, matailosi kapena miyala?

Funso limeneli limandikhudza. Simenti yofiira yopaka polishi ndi yokongola, tonse tinakulira kuisirira, ndipo Loweruka m'mawa tinkagwada kuipukuta mpaka kuwala. Koma ikanyowa ndi msampha. Mayi anga ondibereka anagwa chagada pakhonde lotero kunyumba ya lendi, atangotsika kuchokera kutchalitchi mvula ikuwaza, n'kubinya dzanja. Miyezi iwiri sanathe kugwira khasu, nthawi yopalira. Kuyambira pamenepo polishi ndimamulola mkati mokha.

Pakhonde ndi pamasitepe pakhale pokhakhala. Simenti wamba ndi yokwanira: muyezo umodzi wa simenti, itatu ya mchenga wa kumtsinje wopanda dothi, ndipo pomaliza mmisiri asalaze ndi thabwa osati chitsulo, kapena adutsitsepo tsache isanaume kuti pakhale timizere. Muithirire madzi masiku 7, makamaka mukamanga nthawi yotentha, apo ayi idzachita ming'alu ndi kufumbutuka.

Matailosi onyezimira a pabalaza musawatulutse panja. Alipo okhakhala opangira panja, ndipo pogula muwagwire ndi dzanja lonyowa. Sankhani mtundu wofanana ndi dothi la kwanu, wofiirira kapena wotuwa, chifukwa oyera amaonetsa phazi lililonse. Matailosi ojambulidwa pamanja ngati a ku Dedza Pottery amakongola akakhala pakhoma, mzere umodzi pafupi ndi chitseko kapena pamwamba pa benchi. Miyala yafulati ndi yabwino koposa pa kanjira ndi masitepe, bola mipata yake itsekedwe bwino ndi simenti, ndipo muziikwecha ikayamba ndere kumbali yosafika dzuwa.

Khoma la pakhonde, kuyambira pansi mpaka m'chiuno, lipakeni penti wa mafuta wamtundu woderako. Laimu sapukutika, ndipo ana akagwira ndi manja a matope chizindikiro chimakhala mpaka chaka chamawa.

Nyumba yathu ndi yofolera udzu, pansi timazira. Zimenezi zikutikhudza?

Kwambiri, ndipo makolo athu ankazidziwa kale. Khonde lozungulira nyumba, lokwera, lokhala ndi denga lotsika, ntchito yake inali kuteteza khoma ku mvula ndi kupereka pokhala. Likwezeni ndi dothi lotsendera bwino, m'mphepete mwake muikemo mzere wa miyala kapena njerwa kuti lisagumuke, ndipo udzu wa denga upitirire ndithu. Zirani kawirikawiri. Pansi pong'ambika ndi pafumbi ndi pomwe utitiri ndi matekenya zimaswana, makamaka ngati nkhumba ndi agalu zimafikapo. Mwala umodzi waukulu wafulati pakhomo, chipika chokhalira ndi nsungwi yopachikapo zovala, mwamaliza.

Chopukutira mapazi chabwino n'chiti?

Chimodzi sichikwana. Kamphasa kogula kusitolo kamadzaza katondo tsiku limodzi n'kuyamba kupaka m'malo mochotsa. Pansi pa masitepe pakhale chopalira: khasu lakutha lozikidwa mu simenti kukamwa kwake kutayang'ana kumwamba, kapena kachitsulo komwe owotcherera angakupangireni ndi zotsalira. Kukamwako kukhale kobuntha, ndipo chikhale pambali, osati pakati pa njira pomwe mwana wothamanga angagwerepo. Pamwamba pa masitepe pakhale chinthu chokhakhala, ngati mphasa ya labala ya matayala. Pakhomo penipeni, chiguduli chouma. Khalani ndi ziguduli ziwiri kapena zitatu, china chikamauma china chili pantchito.

Nsapato zimangoti mbwee pakhomo. Tizitani?

Choyamba, chotsanipo zomwe sizikuvalidwa sabata ino. Pakhomo si posungira nsapato zonse za banja. Za kutchalitchi ndi za ukwati zikhale kuchipinda. Aliyense akhale ndi malo a mapeyala awiri, ya panja ndi patapata wa m'nyumba.

Kenako pitani kwa kalipentala mukapangitse benchi yokhala ndi mashelefu pansi pake. Kutalika kuchoka pansi masentimita 45, kuti wamkulu akhale bwino pomasula zingwe. Mashelefu alowe mkati masentimita 30 mpaka 35, ndipo shelefu ya mita imodzi imalandira mapeyala anayi a akuluakulu. Chofunika kwambiri: shelefu isakhale thabwa lathunthu. Ikhale timatabwa tokhala ndi mipata kapena nsungwi zong'amba, kuti dothi lizigwera pansi ndipo mphepo izidutsa. Kabati yotseka, kuno kwathu kwa chinyezi, imachititsa nsapato nkhungu ndi fungo. Pansi penipeni pasiyidwe mpata wolowa tsache.

Matabwa a paini savuta kupeza kuno ndipo ndi otsikirako mtengo, koma chiswe chimawakonda ndipo sapirira madzi. Onetsetsani kuti ndi ouma musanapangitse, apo ayi benchi idzapindika. Apakeni mankhwala a chiswe ndi vanishi, miyendo ikhale pa njerwa kapena pa timiyala, isagunde pansi ponyowa. Oilo wakutha wa galimoto, yemwe ambiri amapaka pa mitengo, ndi wa mizati ya mpanda. Pa benchi adzakuonongerani zitenje.

Usiku nsapato zabwino zilowe mkati. Galu amatafuna, ndipo si onse odutsa usiku amene ali ndi mtima wabwino. Dengu limodzi kuseri kwa chitseko limakwanira.

Nanga jombo ndi zovala zonyowa?

Jombo zisaime chokhala kukamwa kuli m'mwamba. Mumalowa madzi, achule, akangaude, zinkhanira, nthawi zina kanjoka kofuna pofunda. Khomani timitengo ta masentimita 40 kapena 45 pa thabwa, toimirira, n'kumazivundikira pamenepo chozondoka. Ngakhale zitero, phunzitsani aliyense kugogoda jombo asanalowetse phazi.

Majekete a mvula ndi maambulera zikhale panja, pa zokolekera zokhomedwa pa thabwa lomwe latalikirako pang'ono ndi khoma, kuti chonyowa chisamatire kukhoma. Msomali wamba umachita dzimbiri n'kuthimbiriritsa kolala, ndiponso umaboola nsalu. Timitengo tosema kapena zokolekera zogula n'zabwino. Ambulera ilowe mu ndowa yakale yomwe pansi mwaikamo timiyala.

Nsapato zachikopa zikanyowa, zipakireni mapepala a nyuzi mkati, muzisintha akanyowa, n'kuziika podutsa mphepo. Mukaziyandikiza kumoto chikopa chimauma gwa n'kung'ambika, guluu n'kumatuka.

Pano ndinene mawu amodzi olemera. M'chisanu cha Juni ndi Julayi, usiku kukazizira mpaka kutsika madigiri 10, anthu amalowetsa mbaula m'nyumba kuti aothe ndi kuumitsa mayunifolomu a ana, n'kutseka zitseko ndi mawindo. Makala oyaka amatulutsa mpweya wakupha womwe suoneka ndipo sununkha. Munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. Ngati khonde lanu mwalitseka ndi magalasi kapena malata, lasanduka chipinda, ndipo lamulo ndi lomwelo: mbaula isagone m'malo otseka.

Makasu, sipuleya ndi feteleza tingasunge pakhonde?

Makasu, zikwanje ndi nkhwangwa zingakhale pakhonde lakuseri masana, zopachika m'mwamba kukamwa kutayang'ana kukhoma. Usiku zitsekeredwe, chifukwa chida chosiyidwa panja ndicho wakuba amathyolera chitseko.

Sipuleya ndi mankhwala ayi. Ife alimi a kachewere, tomato ndi kabichi, kuyambira ku Bembeke mpaka ku Lizulu, timapopera kawirikawiri nthawi ya mvula poopa chiwawu, ndipo tazolowera mankhwalawa mpaka kuiwala kuti ndi poizoni. Ndaonapo paketi ya Dithane yotsegula ili pawindo la pakhonde, pambali pa kapu yomwera madzi, mwana akukwawa pansi pake. Mankhwala akhale m'bokosi lokiya, m'kanyumba kapadera, m'mabotolo ake enieni, osathiridwa m'botolo la zakumwa. Zovala zopoperera zivulidwe panja, zichapidwe pazokha, zisapachikidwe pamodzi ndi majuzi a ana. Feteleza naye amayamwa chinyezi n'kuundana, amadyanso zitsulo, choncho khonde si malo ake.

Kodi n'koyenera kuuza alendo kuti avule nsapato?

Ana a m'nyumba ndi anzawo, inde, mosanyengerera. Koma apongozi, amalume, a mfumu kapena abusa akati odi, ine sindingatsegule pakamwa kunena za nsapato. Mlendo ndi mame, simenti mudzakolopa akapita. Ndipotu ambiri amayamba okha kuwerama kuti avule, ife n'kumati, "Ayi, lowani nazo, musavutike." Chomwe mungachite ndi kukonza malo kuti alankhule okha. Mlendo akaona chopalira, benchi ndi nsapato za eni nyumba zitandandalikidwa bwino, amadziwa chochita popanda womuuza.

Musaiwalenso kuti alendo ambiri salowa n'komwe. Wodzapempha moto, wodzanena uthenga wa maliro, wogula nkhuku, onse amathera pakhonde. N'chifukwa chake pamafunika mpando umodzi kapena iwiri yabwino ndi mphasa yopinda yoimika pakona, kuti amayi akafika muwayalire msanga. Khonde lodzaza ndi jombo ndi matumba mpaka mlendo kusowa pokhala lataya ntchito yake yoyamba.

Ana samvera. Amangoponya zikwama paliponse.

Onani kaye ngati akufikira. Zokolekera za akuluakulu zimakhala pa masentimita 160 kapena 170, ndipo mwana wa Sitandade 2 sangafikepo. Muikireni chake pa mita imodzi, chokhala ndi chizindikiro chake, ndi shelefu yapansi ya nsapato zake. Kwathu wamng'ono anasiya kutaya chikwama tsiku lomwe bambo ake anamukhomera kamtengo kakekake n'kukapaka penti wobiriwira.

Tili pa lendi, khomo limatsegukira pabalaza, khonde kulibe. Tingatani?

Ndinakhalamo m'nyumba zotero. Musakhome kapena kumanga chilichonse musanalankhule ndi eni nyumba, ndipo zomwe mwagwirizana zokhudza kuchotsera pa lendi zilembedwe. Zambiri sizifuna chilolezo. Panja, thabwa la mipata kapena njerwa zingapo zoyala bwino ndi chopalira chosunthika. Mkati, dulani malo a mita imodzi kuchokera pachitseko ndi kachidutswa ka kapeti wa pulasitiki, kuti aliyense adziwe kuti nsapato zimathera apa. Kashelefu kopapatiza kaime mbali yomwe chitseko sichifika chikatseguka, ndipo nsana wa mpando wautali ungakhale ngati malire pakati pa polowera ndi pabalaza. Zonsezi mudzanyamula posamuka.

Nkhuku zikutisowetsa mtendere ndi zitosi pakhonde.

Zimabwera chifukwa zimapezapo chakudya. Lekani kupetera ufa, kusankha nyemba ndi kudyetsera ana pakhonde lolowera, kapena sesani nthawi yomweyo. Kakhoma kofika m'chiuno ndi kageti ka nsungwi zimachepetsa mbuzi ndi agalu, koma nkhuku imauluka, choncho mankhwala enieni ndi khola ndi kuzidyetsera kutali. Zitosi si nkhani ya ukhondo wa maso okha. Mwana wokwawa amaika m'kamwa chilichonse, ndipo kutsegula m'mimba kumayambira pamenepo.

Njinga tiziika pati?

Njinga yakapalasa ipachikidwe kapena iime kumapeto kwa khonde, pomwe pali mphete yachitsulo yozikidwa m'khoma yomangirirapo tcheni. Amene ali ndi njinga yamoto ya kabaza amafuna kuilowetsa usiku, ndipo n'zomveka. Pamenepo pangani kanjira kotsetsereka m'mbali mwa masitepe, chitseko chikhale cha masentimita 90, ndipo pansi pomwe imaima yalani katoni kapena lata lakale lolandira oilo ndi matope. Injini izimitsidwe panja. Petulo wa m'zigubu asalowe m'nyumba ndipo asayandikire mbaula.

Ndowa yosambira m'manja ija tinaika nthawi ya Covid, ikufunikabe?

Isachoke. Tinaiika mu 2020, ena n'kuichotsa matenda atachepa, kenako kolera wa 2022 ndi 2023 anatikumbutsa ntchito yake. Ndowa ya mpopi yokhala ndi chivundikiro, sopo womangirira pachingwe ndi beseni lolandira madzi, kapena mpondagiya pafupi ndi kanjira kochokera kuchimbudzi. Madzi a m'beseni atayidwe tsiku lililonse pa maluwa kapena pa mtengo, asakhale chithaphwi pakhomo. Mgolo wa madzi a kudenga nawo uvundikiridwe. Ena amati kuno n'kozizira, udzudzu kulibe, koma malungo timadwala, ndipo kumunsi kwa phiri, ku Mtakataka ndi ku Golomoti, ndiye osanena.

Nthawi yokolola khonde limadzaza matumba. Pali njira ina?

Ngati palibe kosungira kwina, gawani khonde: mbali imodzi ya zokolola, njira ya pakhomo ikhale yotseguka mita yathunthu. Matumba akhale pa mitengo, asagunde pansi kapena khoma. Kachewere wodya asakhalitse pakhonde, chifukwa akaona kuwala amasanduka wobiriwira, ndipo wobiriwirayo amawawa komanso amadwalitsa. Akhale mumdima modutsa mphepo. Wambewu ndiye amafuna kuwala kwa mumthunzi kuti atulutse timphukira tatifupi tolimba, koma naye osati padzuwa. Ndipo chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe chisakhale pomwe ana amasewera.

Tili ndi agogo oyenda ndi ndodo. Tiganizire chiyani?

Masitepe ofanana. Chomwe chimagwetsa anthu ndi sitepe imodzi yosiyana ndi zinzake, phazi litazolowera kale muyezo wina. Iliyonse ikwere masentimita 15 mpaka 17, popondapo pakhale 30. Ikani chogwirira cholimba, ngakhale cha paipi kapena bulugama wosalala. Kwa woyenda pa njinga ya olumala, kanjira kotsetsereka katalike mamita 3.6 pa khonde lokwera masentimita 30. Kakafupika, wokankha amavutika ndipo potsika n'koopsa.

Kuwala nakonso. Magetsi amazima, choncho babu ya sola yoyaka yokha kukada ndi yodalirika, ndipo iunikire masitepe, osati maso a munthu amene akukwera. Mkati, tochi ikhale ndi msomali wake pafupi ndi makiyi, pamalo oti dzanja lingapapase mumdima, koma osati pafupi ndi windo pomwe wina angapise dzanja ali panja.

Ndalama n'zochepa. Tiyambe ndi chiti, ndipo liti?

Yambani ndi zosagula. Ngalande ya kumtunda ndi ya pansi pa denga zimangofuna khasu ndi tsiku limodzi. Njerwa zosweka zimapezeka pomwe wina waphwasula uvuni, nthawi zambiri mongopempha. Khasu lakutha lili kale kuseri kwa nyumba yanu. Ndalama yoyamba ipite ku chotchera madzi cha pamwamba pa khomo, yachiwiri ku benchi, ndipo simenti ya khonde ibwere mukagulitsa mbewu.

Ntchito ya simenti ichitike Ogasiti kapena Seputembala, chisanu chitachepa, mchenga ukupezeka m'mitsinje, amisiri asanatanganidwe ndi minda yawo. Mvula ya chizimalupsa ikagwa cha mu Okutobala, tulukani ndi ambulera ikugwa, muzungulire nyumba muone komwe madzi akudikha ndi komwe akuthamangira. Zikani timitengo pamalo amenewo, mawa lake mukonze ndi khasu dothi likadali lofewa.